Nsungwi Zofiira Zimene Ndinakwirira M'mizere ku Ilford

Ntchito yoyamba, kenako Edmonton

Tadala ndi Mphatso, ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, popeza azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ngakhale kuti amathiramo mchere wambiri. Chimodzi chokha muchidziwe: ndinali mtsikana wamanyazi kwambiri. Kusekondale yogonera komweko, zimene anzanga ankakamba pakamwa ine ndinkazilemba m'kabuku ndikaweruka m'kalasi. Chizolowezicho sindinachisiye mpaka lero. Zonse zili m'nkhani ino ndazitola m'timabuku timeneto, choncho ndikanena kuti tsiku lakuti kunagwa mvula, inagwadi.

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino inali pachipatala cha boma kwathu, mu wodi ya abambo. Otiyang'anira anali a Matroni, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankatha kudziwa kuti sunasambe m'manja iwo ali kumapeto kwa khonde. Mabandeji ankasowa, moti tinkachapa akale, kuwawiritsa, n'kuwayanika pa waya kuseri kwa wodi. A Matroni ankatiletsa kukhudza bala tisanaliyang'anitsitse. "Maso ayambe, manja atsatire," ankatero. Lamulo limeneli ine ndinalikonda, chifukwa kuyang'ana sikufuna kulankhula.

Kuchipatala chachikulu cha ku Edmonton, mumzinda wa London, kumene ndinafika ndili kale ndi inu awiri, mabandeji anali odzaza makabati, koma chosowa chinali anthu. Namwino mmodzi ankathamanga malo a atatu. Mkulu wa wodi yathu anali Sisita Brennan, mayi wa ku Ireland, amene pa nthawi yosiyirana ntchito m'mawa ankaika dzanja kukhutu n'kunena kuti, "Esinta, ndikudziwa kuti odwala ako ali bwino, koma ine sindikumva kanthu. Kweza mawu." Ndinkakweza pang'ono, mawa lake ndabwerera pomwe paja. Maondo atayamba kudandaula ndi makonde aatali aja, ndinapeza malo kunyumba ina yosamalira okalamba ku Ilford, ku London komweko, ndipo ndi kumeneko kumene ndinapumira pa ntchito.

Epulo, chaka choyamba m'nyumba yathuyathu

Titatuluka m'mafulati a lendi, chimene chinandikopa pa kanyumba kaja sichinali zipinda ayi, koma kamalo kakuseri, kopapatiza ngati lamba, kosalimidwa kwa zaka zambiri. Kumapeto kwake, kufupi ndi mpanda, kunali timitengo touma ta mphako m'kati, tofanana ndi bango. Bambo anu anatithyola n'kunena kuti tidzathandiza poyanga nyemba. Khasu ndinali nalo kale. Ndinabwera nalo kuchokera kwathu m'sutikesi, lokulunga m'chitenje, ndipo mpini anakhomera kuno.

M'kabuku ndinalemba kuti Lachiwiri lina m'mawa ndinaona tinsonga tofiira tikutuluka pansi pamene panali bango paja, tonenepa ngati zala za mwana. Ndinamanga ulusi pa kandodo molingana ndi msinkhu wa kamodzi, n'kupita kuntchito. Pobwerera madzulo kanali katapitirira ulusi. Ndinayesa kuti ndodo yapendekeka, ndiye ndinaikhomanso, koma mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi. Sindinaonepo chomera chokula ngati chikuthawa munthu. Pofika mwezi wa Juni chinali chitapitirira mutu wa bambo anu. Tsinde lake linali ndi mfundo ngati nsungwi, lobiriwira koma la timadontho tofiirira, ndipo masamba ake, ofanana ndi khasu latsopano, ankatuluka mosinthanasinthana, ili kumanja, ili kumanzere. Ndinalijambula tsambalo m'kabuku. Ndinalinunkhiza, ndinalitswanya pakati pa zala, ndipo tsiku lina ndinalawa kansonga kake. Kanali kowawasa ngati bwemba. Tinangochitcha nsungwi zofiira.

Zakumpanda tinazisiya kuti zizititchinga, koma zimene zinamera pakati pa malo ndinazilima. Mizu yake inali yakuda kunja, m'kati ngati karoti, ndipo inkathyoka ndi phokoso ngati karotiyo. Tsono apa mumvetse bwino. Agogo anu anandiphunzitsa kuti udzu satentha ndipo sataya. Umausadza ndi khasu, n'kuuyala m'khwawa, n'kuukwirira pounda mzere, kuti uwole ukhale chakudya cha mbewu. Mlimi wotaya zinyalala za m'munda kwathu amamuseka. Ndiye ine ndinasadza matsinde ndi mizu yomwe m'tizidutswatizidutswa, mosamala kwambiri, n'kumwaza m'makwawa onse kuti mzere uliwonse upezeko gawo lake. Bambo anu ataona mizere isanu itaima bwinobwino anagwira pakamwa.

"Amayi, mizere ku London? Aneba aziti takwirira anthu kuno."

"Akadzadya nkhwani adzasiya kuganiza zimenezo," ndinatero.

Nkhwani tinadyadi, ndi mpiru womwe. Chaka chachiwiri tinsonga tofiira tinatuluka pamzere uliwonse, pakati pa maungu, ngakhale m'mbali mwa njira. Ine ndinangoti nthaka ya kuno ndi yachonde. Ndinapalira, ndinasadza, ndinakwiriranso. Munthu amene ndinakula ndikubzala mbatata ndi kachidutswa ka kholowa, ndinalephera kuzindikira kuti ndikubzala.

Seputembala, chaka chachitatu

Kunyumba ya okalamba kuja bwana wathu anali Mayi Collins, munthu wachilungamo koma wokonda mapepala. Chilichonse cholowa pageti chinkayenera kulembedwa. Kuseri kwa chipinda chochezera kunali bedi la maluwa lomangidwa ndi matabwa, logundana ndi khoma la nyumba ya eni ena, koma dothi lake linali litatha mphamvu, ndipo pempho la dothi latsopano linkangobwezedwa chaka ndi chaka. Amene zinkamupweteka kwambiri anali Amake Dalitso, mayi wa ku Zambia amene ankasambitsa ndi kudyetsa okalamba. Anali asanamalize chaka kuno, ana anawasiya ku Lusaka, ndipo chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno chinkadalira ntchito yomweyo.

"Ba sisita," anandiuza tsiku lina tikuyala bedi, "nimvela ati muli na dimba kunyumba. Simungatipaseko dothi? Aba bakote bankala chabe pa windo, kulibe chakuona."

Kwathu munthu akapempha mbewu kapena manyowa sufunsa kwa mfumu. Loweruka lotsatira ndinakumba pamizere yanga yabwino kwambiri, ndinadzaza matumba anayi, ndipo bambo anu anawanyamula pagalimoto. Mayi Collins Loweruka sankabwera. Amake Dalitso anathira dothilo, n'kubzala anyezi wa maluwa achikasu aja amene amatuluka chisanu chikatha.

Patapita milungu iwiri, nsungwi zakumpanda zinali zitachita maluwa oyera, ang'onoang'ono, olendewera ngati ngayaye, ndipo njuchi zinkachita kulirapo. Ndinathyola nthambi zingapo n'kukaziika m'botolo patebulo la Bambo Harold. Amenewa anali mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito yokonza njanji. Miyendo inali itakana, koma pakamwa panali pamoyo.

"Sisita, ndakulakwirani chiyani?" anatero atangoona botolo.

"Ndi maluwa a kumunda kwanga, Bambo Harold."

"Kumunda kwanu! Mayi inu, chimenechi dzina lake ndi Japanese knotweed. Ndalimbana nacho m'mbali mwa njanji mpaka tsitsi kuthothoka. Tinkadula, chinkabwera. Tinkatentha, chinkabwera ndi abale ake."

Ndinakoka mpando. M'malo mochita mantha, ndinali ndi mafunso. Chimafesa njere? Anati cha kuno sichidalira njere, chimayenda ndi mizu pansi, kudutsa pansi pa mpanda, kutulukira m'ming'alu ya simenti. Nanga chisanu sichichipha? Anati chimangouma pamwamba, pansi chili mtulo. Ndiye ndinafunsa funso lomaliza.

"Nanga munthu atausadza muzuwo?"

Anandionetsa chikhadabo cha chala chawo chaching'ono. "Kachidutswa kotere ndi chomera chathunthu. Bwanji, mwasadza?"

Ndinawafotokozera za mizere. Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwamwetsa madzi. Kenaka anasiya kuseka, n'kuloza pawindo.

"Matumba aja ndinawaona Loweruka lija. Dothi lake linachokera kuti?"

Ndinayamba kukonzakonza maluwa m'botolo lija. Iwo anaimba mluzu pang'ono.

"Ine sindinena. Ndikanena adzati ukalamba wayamba kumulowa m'mutu. Nkhaniyi ndi yanu, Sisita."

Okutobala chaka chomwecho, ndi zaka zotsatira pamunda pathu

Tinaitana akatswiri othana ndi zomera zotere. Kunabwera mayi wina wovala ovolosi yoyera, amene anayenda m'mizere yanga mwakachetechete ngati akuyendera odwala. Anatiuza kuti kukhala ndi chomerachi pamalo pako si mlandu, koma kuchilola kuti chifalikire kwa ena ndiye vuto. Anatiletsa kulima, kupalira, ngakhale kuponya tsamba limodzi m'bini ya zinyalala za m'munda. Nsapato zolowa nazo kumunda zizitsukidwa komweko. Aneba a mbali zonse ziwiri tiwadziwitse, ndipo bambo anu anakawadziwitsa tsiku lomwelo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mankhwala ake anali a jakisoni. Mayiyo ankagwada pa tsinde lililonse lalikulu, n'kubaya pansi pa mfundo, m'mphako muja, kenako n'kulembapo chizindikiro kuti asabwereze. Timatsinde tating'ono ankangotipopera pamasamba. Ndinamufunsa chifukwa chake anabwera nyengo imeneyi, osati pamene chikumera. Anati chisanu chikamayandikira chomerachi chimatsitsira chakudya chake chonse ku mizu, ndiye mankhwala amatsika nacho limodzi. Ndinaima pambali ndi kabuku kanga ngati wophunzira wa chaka choyamba.

Akutsuka nsapato zake anafunsa kuti, "Pali dothi lililonse limene linatulukapo pamalo ano?"

Bambo anu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Sindikukumbuka," ndinatero.

Kabuku kamene ndinagwira m'manja kanali ndi tsamba lonena tsiku, matumba anayi, ndi kumene anapita. Madzulo amenewo sindinalembemo kanthu. Tsamba la tsikulo lilipo, ndi loyera.

Za kumunda kwathu ndimalizire pompano. Chaka chotsatira zinamera zochepa, zopinimbira, masamba ake ang'onoang'ono opiringizika ngati a phwetekere wodwala. Mayi uja anabweranso, n'kubweranso chaka chinacho. Nthawi yonseyi khasu linali m'shedi, ndipo manja ankandiyabwa ndikaona udzu. Ndiwo ndinkabzala m'ndowa pakhomo la kukhitchini, m'dothi logula. Chaka chachinayi chiyambire mankhwalawo sipanamere kanthu. Ngakhale zinali choncho, mayiyo anati mizu ina ikhoza kukhala kuti yangogona, ndipo kukumba kukhoza kuidzutsa. N'chifukwa chake, Mphatso, ndinakukaniza zija unkafuna kumanga kakhonde kumpanda. Nyumbayi ikadzakhala yanu, mbali imeneyo musadzakumbe musanafunse odziwa.

Epulo, chaka chachinayi, kuntchito

Chisanu chonse chija ndinkafika msanga kuntchito kuti ndiyambe ndazungulira kubedi la maluwa. Ndinkadziuza kuti mwina m'matumba muja munalibe muzu. Maluwa achikasu anatuluka, okalamba anakondwa, ena ankapempha kuti tiwakankhire pawindo. Kenaka m'mawa wina, pakati pa masamba obiriwira, ndinaona kansonga kofiira. Ndinawerenga tisanu ndi tiwiri. Ndinaganiza zotizula n'kutibisa m'thumba la yunifolomu, koma ndinali nditadziwa kale kuti kuzula n'kudzinamiza. Ndinalowa m'kati, n'kugawa mankhwala a m'mawa ngati palibe chachitika.

Patatha masiku atatu, bambo wotchetcha kapinga anationa n'kukauza Mayi Collins. Nkhope yawo inasintha. Bedi lija linali logundana ndi khoma la eni ena, ndipo eni nyumba yathu ankayenera kulemberedwa lipoti lonena kumene dothi linachokera. Anaitanitsa msonkhano wa antchito onse Lachisanu masana. Aliyense ankadziwa amene anabzala maluwa.

Lachisanu m'mawa Amake Dalitso anandikokera m'chipinda chochapira zovala n'kutseka chitseko.

"Ba sisita, mvelani. Mu miting'i osakamba chilichonse. Nizakamba ati ninagula kuli munthu pa maliketi."

"Nanga mapepala anu a chilolezo? Si mwezi wamawa pamene Mayi Collins akusaina?"

"Mulungu aliko. Imwe mwasala chabe pang'ono mupumule, musaononge dzina. Nine ninapempha dothi."

"Koma ine ndakhala ndikudziwa kuyambira Seputembala."

"Ndiye ngati munakhala chete miyezi yonse iyi, nkalani chete na lelo." Anatsegula chitseko n'kutuluka.

Pamsonkhano tinakhala anthu khumi ndi awiri m'chipinda chodyera. Mayi Collins anafotokoza za chomeracho, n'kufunsa Amake Dalitso kumene anatenga dothi. Iwo anayankha monga ananenera. Anafunsidwa dzina la wogulitsayo, anati sakulidziwa. Lisiti, anati panalibe. Mayi Collins analemba, kenako anavula magalasi.

"Mwalowetsa katundu wosadziwika kochokera, popanda chilolezo, pamalo pokhala anthu ofooka. Ndiyenera kulemba zimenezi kwa eni nyumba, ndipo sindingakulonjezeni kuti za mwezi wamawa ziyenda bwanji."

Amake Dalitso anangoti, "Chabwino, madamu," manja ali pamiyendo.

Zaka zonse zimene ndinagwira pamalopo ndinali ndisanalankhulepo pamsonkhano. Ndinamva mpando wanga ukukhuluzika, ndipo ndinapezeka nditaimirira. Ndinanena kuti dothi linali langa, koma palibe amene anamva kupatula woyandikana nane.

"Mwati chiyani, Sisita Esinta?"

"Dothi lija ndi la kumunda kwanga." Ulendo uno mawu anatuluka aakulu moti wophika anasuzumira pachitseko. Ndinatulutsa kabuku m'thumba, n'kuwerenga tsiku ndi matumba anayi aja. Ndinanena kuti ndinadziwa za chomeracho patangopita milungu iwiri, kuti ndinafunsidwa ndi katswiri n'kunena kuti sindikukumbuka, ndiponso kuti tinsongato ndinationa masiku atatu wotchetcha kapinga asanatione. Nditayamba sindinathenso kusiya. Ndinafotokoza mpaka za kusadza ndi kukwirira.

Mayi Collins anasiya kulemba. "Dikirani kaye. Munadula mizu m'tizidutswa, n'kuikwirira dala? M'munda monse?"

"Inde, mayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Kwathu ndi mmene timadyetsera nthaka. Udzu ukawola m'mzere, chimanga chimadya."

"Ndipo zimathandiza?"

"Ndi udzu wa kwathu zimathandiza kwambiri."

Wina anaseka pang'ono, n'kudzigwira. Mayi Collins anauza onse kuti abwerere kuntchito, ife awiri titsale. Kwa Amake Dalitso anati kunama pofuna kuteteza mnzako ndi kunamabe, ndipo akufuna aganizire kaye. Kwa ine anati cholakwa chachikulu sichinali dothi, koma miyezi isanu ndi iwiri ya kukhala chete, chifukwa ndikananena msanga dothilo likanachotsedwa lonse mizu isanagwire. Ndinavomera, popeza zinali zoona. Lolemba ndinasaina kalata yondichenjeza, imodzi yokhayo pa moyo wanga wonse wa ntchito. Bedi lija analizinga ndi chingwe, ndipo Bambo Harold anadzipatsa udindo woliyang'anira ali pawindo, n'kumakalipira aliyense woyandikira.

Ndinkayesa kuti Amake Dalitso andithokoza. Tsiku la msonkhano lomwelo, pamalo okwerera basi, anandifikira maso ali ofiira.

"Manje mwanisandusa wa boza pamenso pa bantu bonse. Muona monga mwanithandiza?"

"Pepani, Amake Dalitso."

"Pepani yamene iyo mukanakamba mu Seputembala."

Basi itabwera anakakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Kwa milungu itatu sanandilankhule china choposa za odwala. Ndinkawaona akamadutsa pa ofesi ya Mayi Collins, mmene ankachepetsera liwiro n'kupitirira. Ana awo anali akudikira ku Lusaka, ndipo ine ndinalibe china chimene ndikanachita. Ndinalemba kalata yochitira umboni Amake Dalitso, ndinaipereka, basi.

Lachinayi la mlungu wachinayi ndinali ndekha m'kachipinda kopumira, ndikudya buledi ndi tiyi. Amake Dalitso analowa, n'kukhala mpando woyang'anana nane, osandiyang'ana. Anatsegula kontena yawo ya ndiwo zotendera, anatenga supuni yachiwiri m'kabati, n'kukankhira kontenayo pakati pa tebulo.

"Idyani, ba sisita," anatero. "Mapepala basaina."